Manja a Wamanzere

Inali isanakwane seveni koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kosalekeza kamene kanayamba dzulo lake masana. Mlangizi wa zosoka anatsegula shopu ya m'ndende akaidi asanatulutsidwe m'maselo. Anayatsa getsi limodzi lokha, la pamwamba pa tebulo lodulirapo nsalu. Patebulopo panali mathalauza khumi ndi awiri a oyang'anira ndende, ositidwa kale, opindidwa mofanana. Anatenga thalauza ya pamwamba n'kupisa dzanja m'thumba. Dzanja linakana kulowa.

Anayesa thumba lina, kenako thalauza yachiwiri ndi yachitatu. Matumba onse anali otsekedwa kukamwa ndi msoko wowongoka bwino, wa ulusi wofanana ndi nsalu, woti munthu sakanauona mpaka atafuna poika makiyi. Mlangizi anakoka mpando, anatulutsa lezala m'dirowa, n'kuyamba kudula ulusiwo pang'onopang'ono kuti asaboole nsalu. Limeneli linali tsiku lachisanu ndi chinayi akugwira ntchito imeneyi mobisa.

Amene ankasoka mathalauzawo anali mkaidi wina wochepa thupi, wosayankhulayankhula, amene aliyense ankangomutchula kuti Wamanzere. Anali telala kale asanamangidwe. Anamugamula zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa chomenya mlamu wake m'mutu ndi simbi yositira, ndipo zinayi anali atagwira kale. Kukhoti palibe anafunsa chifukwa chake munthu wofatsa chotero anachita zimenezo. Iye anavomera mlandu, nkhani n'kuthera pomwepo. Matenda ake anadziwika ali kale m'ndende, atayamba kukana chakudya n'kumayankha anthu amene anzake sankawaona. Adokotala a pandendepo anamuyambitsa mapilitsi, mawu aja analeka, ndipo patapita chaka anamulola kulowa m'shopu.

Tsopano dzina lake linali pa mndandanda wa akaidi oti akhoza kutulutsidwa nthawi yawo isanathe. Komiti yoona za mndandandawo inali yoti ikhale pakatha masabata awiri. Inkafuna makalata atatu: ya mlangizi yonena za khalidwe la mkaidi, ya adokotala yotsimikiza kuti matenda agona, ndi ya wachibale wovomera kumulandira. Adokotala anasayina yawo mwezi wathawo. Mlangizi nayenso yake anali atalemba, ndipo anailemba ndi mtima wonse. M'mawa uliwonse, lezala ali m'manja, ankadziuza kuti masabata awiri si nthawi yaitali, ndipo kumasula matumba si ntchito yothyola msana.

Akaidi asanu ndi atatu analowa cha m'ma eyiti, atanyowa m'mapewa. Mlangizi anawagawira masizasi ndi masingano monga mwa masiku onse.

"Bwana, masiku ano mukutiposa kulawira," anatero mkulu wina wa imvi amene ankasokerera mabatani, ntchitoyo n'kusanduka dzina lake. "Ngati kunyumba kwavuta, nenani. Kuselo kwathu malo alipo, bola muzigona chammbali, mpweya muzipuma mosinthana ndi mnzanu."

Anzake anaseka.

"Sokani mabatani, achikulire," anayankha mlangizi. "Dzulo andibwezera malaya atatu, batani lililonse lili pa mzere wakewake."

"Ndi maso, bwana. Pondimanga paja anamanga ndi maso omwe."

Wamanzere sanaseke. Anakhala pa makina ake a pafupi ndi zenera, n'kulowetsa ulusi pa singano kamodzi kokha, osaphonya. Mlangizi anayang'ana manja akewo. Miyezi inayi yapitayo manja amenewa ankanjenjemera moti msoko unkatuluka wokhotakhota ngati njira ya nyerere. Kenako anakhazikika, ndipo mlangizi anakondwa mpaka anamuchotsa pa zovala za akaidi n'kumupatsa mayunifolomu a mabwana. Koma lero anaonanso china. M'makutu a Wamanzere munali tizidutswa ta nsalu, ndipo milomo yake inkagwedera ngati ya munthu wowerenga chamumtima.

"Ameneyo ndiye mlonda wathu," ananong'ona Mabatani, mlangizi akudutsa pambali pake. "Ife tikagona, iye amakhala tsonga kuyang'ana chitseko. Ndamuuza kuti mbava sizingabwere kuno, zonse zili kale mkati, koma sakumva."

Mlangizi anachita ngati nayenso sanamve.

Cha m'ma teni woyang'anira wa pageti anasuzumira pakhomo.

"Wamanzere, mlendo. Mlongo wako."

"Ndilibe mlendo ine," anatero Wamanzere, osadzutsa mutu, phazi likupondabe makina.

Wapagetiyo anayang'ana mlangizi, n'kukweza mapewa. Mlangizi anamupempha kuti atsale kaye ndi akaidiwo, iye n'kudziphimba katoni kumutu kudutsa pabwalo.

Chipinda cha alendo chinali ndi mabenchi awiri ndi ndowa pakati yolandira madzi odontha kudenga. Mayiyo anakhala kumapeto kwa benchi, ambulera itatsamira pabondo, m'manja muli jumbo ya sopo ndi buledi. Nkhope yake inali ya Wamanzere yeniyeni, kungoti yonenepako.

"Ndinu aphunzitsi awo a achimwene?"

"Ndine mlangizi wa kushopu, mayi. Ntchito ankaidziwa kale, ine ndimangomupatsa nsalu."

"Akana kundiona?"

"Watanganidwa. Tili ndi zosoka zambiri sabata ino."

Mayiyo anatulutsa envulopu imene anaikulunga m'pepala la pulasitiki kuopa mvula.

"Kalata ija ndabwera nayo. Amuna anga asayina dzulo. Ndawapempha miyezi isanu ndi umodzi, bambo, mpaka pakamwa kuuma. Khutu lawo lakumanja silimva mpaka lero, ndipo kukazizira chonchi mutu umawasautsa, koma asayina. Akuti chipinda cha kuseri tichotsemo matayala ndi njinga yakufa ija, alamu awo azigona mmenemo."

"Achita bwino," anatero mlangizi. Anakhala pa benchi inayo. Madzi ankadonthera m'ndowa. Funso limene analipewa masiku asanu ndi anayi linatuluka lokha. "Mayi, ndifunse nawo. Nthawi ija, zisanachitike zija, zinayamba bwanji? Munaona chiyani?"

"Ndinu woyamba kundifunsa zimenezo. Kukhoti anangofuna kudziwa kuti simbi inali yotentha kapena ayi." Anasisita envulopu ija ndi chala. "Anayamba ndi kusagona. Kenako makasitomala anayamba kubweza zovala. Munthu wasoketsa thalauza, akafika kunyumba akupeza matumba onse ndi otseka. Ife tinkaseka, bambo, ndisaname. Amuna anga ankawanena kuti, alamu, mukufuna tonse tiziyenda manja ali panja ngati asilikali a pa perete? Tsiku lina tinapeza asoka matumba a zovala zonse za m'nyumba, ndi mayunifolomu a ana omwe. Ankati pali anthu akuika mawu m'matumbamo, mawuwo n'kumatuluka kudzawatukwana. Amuna anga anatenga lezala n'kuyamba kumasula jekete lawo, akuseka. Achimwene anali chapafupi, akusita. Basi, ndi mmene zinakhalira."

Mlangizi anayang'ana chala chake chachikulu, pamene anadzicheka dzana.

"Mwafunsiranji?" anatero mayiyo.

Anasendera kutsogolo pa benchi, n'kupitiriza.

"Bambo, m'nyumba muja muli ana awiri. Wamng'onoyo amalume ake sakuwakumbuka n'komwe. Kalatayi ndikupereka chifukwa ndi achimwene anga, tinabadwa awiri okha. Koma ndiuzeni zoona. Ayambanso?"

Mlangizi akanati ayi, kalata ikanalowa mu ofesi tsiku lomwelo, ndipo pakatha masabata awiri Wamanzere akanatuluka pageti ndi kachikwama kake. Akanati inde, dzina likanafufutidwa, zaka ziwiri zotsala zija n'kubwerera pamsana pa mwini wake. Mlangizi anali atagwira ntchito m'ndende zaka makumi awiri, ndipo akaidi amene anawafunira zabwino ndi mtima wake wonse sankakwana zala za dzanja limodzi.

"Musapereke kaye kalatayo," anatero. "Ndidikireni pompano."

Atabwerera kushopu anatuma akaidi ena onse kukatenga mipukutu ya nsalu kusitolo ya ndende. Anapempha wapageti uja kuti aime panja pa chitseko, asalowe pokhapokha ataitanidwa. Kenako anazula pulagi ya simbi, n'kuika simbiyo pansi, kuseri kwa kabati.

"Wamanzere, bweretsa sizasi."

Makina anaima.

"Nthawi sinakwane, bwana."

"Ndikudziwa. Bweretsa."

Wamanzere anayang'ana sizasi nthawi yaitali. Kenako anaigwira kumpeni, chogwirira chikuloza kwa mlangizi monga mwa lamulo la m'shopu, n'kudzaiika patebulo. Mlangizi anaiponya m'dirowa n'kukhoma.

"Khala apo. Matumba aja ndine ndakhala ndikumasula."

"Ndikudziwa, bwana. Akhala akundiuza."

"Ndani?"

"Omwe aja." Wamanzere analoza ndi chibwano mulu wa mathalauza. Ankayankhula mofatsa, ngati akunena za ulusi umene watha. "Akuti ndinu mukuwatsegulira njira. Akuti ndikuletseni. Ine ndikuwauza kuti bwana ndi munthu wabwino, sakudziwa chimene akuchita, musiyeni. Koma sakumva. Dzulo anachita kukuwa, inu mutawerama pa makina a Mabatani."

Mlangizi anakumbukira. Anali atawerama kukonza lamba wa makinawo, msana ataulozetsa ku tebulo lositira. Patebulopo ndi pamene pankakhala simbi.

"Mapilitsi ako ukumwa?"

Wamanzere anawerama n'kutembenuza mpendero wa kabudula wake. M'kati mwa mpenderowo munali timibulu tondondozana ngati mikanda, kalikonse kosokeredwa pakokha.

"Ndimaika kunsi kwa lilime. Ndikatuluka kuchipatala ndimalavulira m'manja. Sinditaya, bwana. Ndi katundu wa boma."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire tsiku lija munanena."

"Ndinanena chiyani?"

"Munati manja anga akapitiriza kunjenjemera mundichotsa pa makina, ndizikasenza nkhuni kukhitchini. Munati telala wonjenjemera ntchito yake ndi kuwononga nsalu."

Mawuwo analidi ake. Anawanena tsiku lina akuluakulu atabweza malaya ambiri, ndipo pofika masana anali atawaiwala. Sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti kunjenjemera kuja kunali ndi chochita ndi mapilitsi. Kwa iye manja a telala anali nkhani ya m'shopu, monga singano yopindika kapena lamba wakutha.

"Nditasiya, manja anabwerera," anapitiriza Wamanzere. Anawatambasula patebulo, ali phee. "Inu nomwe munawauza anzangawa kuti aonere kwa ine."

"Ndinawauzadi." Mlangizi anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Tiye kwa adokotala."

"Akandichotsa pa mndandanda."

"Eya, akakuchotsa."

"Masabata awiri okha, bwana. Ndapirira masiku onsewa. Ndikafika kunyumba ndikayambiranso kumwa, onsewa ndasunga."

"Kunyumbako kuli ana a mlongo wako. Kuli alamu ako. Onsewo zovala zawo zili ndi matumba."

Wamanzere anachotsa kansalu m'khutu limodzi, anapendeketsa mutu ngati akumvetsera wina wa panja, kenako anakabwezeramo.

"Akuti musandigwire."

"Sindikugwira. Uyenda wekha, ine pambali pako."

Wamanzere anaimirira. Anabwerera pa makina ake, anakweza singano, anatulutsa thalauza imene inali isanathe n'kuipinda. Kenako anavundikira makinawo ndi nsalu yake ngati kuti tsiku latha, ngakhale dzuwa linali lisanafike pamutu. Anadutsa pabwalo awiriwiri, mvula ikuwanyowetsa, wapageti akutsatira patali.

Chipatala cha ndende chinali chipinda chimodzi chogawidwa ndi katani. Adokotala, mayi wamtali wovala magalasi, ankabwera masiku atatu pa sabata, ndipo limeneli linali limodzi mwa masikuwo. Anamvetsera mlangizi mpaka kumaliza, osamudula. Kenako anapempha Wamanzere kuti avale kabudula wina kuseri kwa katani, n'kung'amba mpendero uja pamwamba pa mbale yachitsulo. Mapilitsi anagwera m'mbalemo, ena athunthu, ena ufa wokhawokha chifukwa cha kuchapa.

"Kunjenjemera kuja ndi kwa mankhwala omwewa," anatero adokotala motsitsa mawu. "Tili ndi kapilitsi kena kochepetsa zimenezo, kapena tikanangosintha mlingo. Ntchito ya mphindi zisanu. Bwanji simunabwere naye nthawi imeneyo?"

"Sindinadziwe kuti ndi nkhani yanu."

"Ndipo ine ndinaona manja akhazikika, ndinati mankhwala amuyanja. Ndinasayina ndi dzanja langali." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa gauni. "Odwala chonchi ndili nawo oposa makumi atatu muno, bambo mlangizi. Ambiri sanakhudzepo munthu. Wina anaphwanya galasi la sitolo, wina anatenga njinga ya eni ake akuti wauzidwa kuti ndi yake, wina anangotukwana wapolisi. Akanakumana ndi ine asanakumane ndi woweruza, bwenzi ali kwawo. Koma uyu anavulazapo kale, ndipo mawu amene amamvawo amachita kuloza munthu. Sindingabise. Kalata yanga ndikaitenga lero lomwe."

"Komiti ina ikhala liti?"

"Chaka chamawa, ngati ikhale. Ndipo za lerozi zikhala zili m'failo."

Anamubaya jakisoni Wamanzere, n'kulamula kuti agone pa bedi la kuseri kwa katani masiku angapo, woyang'anira ali pakhomo. Wamanzere sanalimbane. Mlangizi akutuluka, anamuitana.

"Bwana."

"Ndikumva."

"Makina anga musawapatse Mabatani. Amaponda ngati akupalasa njinga pachitunda."

"Sindiwapatsa."

Mayi uja anali akadali pa benchi pomwe paja. Ndowa inali itadzaza, wina n'kuikapo beseni. Mlangizi anamufotokozera zonse ali chiimire: za matumba, za mapilitsi, ndi za mawu amene iye mwini ananena miyezi inayi yapitayo. Mayiyo anamva, n'kukulunganso envulopu ija m'pulasitiki mosamala, ngakhale inalibenso ntchito.

"Ndikawauza chiyani amuna anga?"

"Mukawauze kuti amene analakwitsa ndine. Iye ankamwa bwinobwino mpaka nditamuopseza."

"Zimenezo sizikawalowa m'mutu, bambo. Iwo akangomva kuti ayambanso, basi, nkhani yatha. Chaka chamawa sadzasayinanso, ndikuwadziwa." Anapereka jumbo ija. "Mukawapatse. Sopoyo ndi amene amamukonda, wosanunkhira."

Anatenga ambulera, koma sananyamuke.

"Ndikuuzeni chinthu choipa? Mtima wanga wapepuka. Ndabwera njira yonseyi ndikupemphera kuti atuluke, ndipo pano mwandiuza kuti satuluka, mtima wapepuka. Mlongo wamtundu wanji ameneyu?"

Mlangizi anangomuperekeza mpaka pageti. Mayiyo anatsegula ambulera, nthiti yake imodzi ili yothyoka, n'kulowera kumsewu wa mabasi osacheuka.

Masana akaidi anabwerera m'shopu asanu ndi awiri. Anayang'ana makina ovundikiridwa a pazenera, n'kuyang'anizana okhaokha.

"Mlonda wathu wapita kutchuthi, bwana?" anafunsa Mabatani, koma mawu ake analibe nthabwala yeniyeni.

"Ali kuchipatala. Akudwala."

"Tinkadziwa ife. Tinkati tikanena timuwonongera ulendo." Mkuluyo anagwedeza chitini cha mabatani, kufunafuna loyera. "Tonse tinakhala chete mofanana."

Panali malaya makumi anayi oti aperekedwe Lachisanu, ndipo nsalu yake inali isanadulidwe. Mlangizi anagubuduzira mpukutu patebulo, anapachika tepi m'khosi, n'kuitana mkaidi wa makina a pakona.

"Gwira uko. Koka, isachite makwinya."

Anatenga choko n'kuyamba kujambula mikono.